Momwe wophunzira angasankhire bwino asanapite kunja: sukulu, ntchito, internship kapena kudzipereka

Mwezi watha pa Kamuzu Road kuno ku Salima anandiimitsa mnyamata wina amene ndinamuphunzitsapo ku sekondale, yemwe tsopano ali chaka chachitatu ku koleji. Anatulutsa foni yosweka galasi n'kundionetsa uthenga wa pa WhatsApp wolonjeza ntchito ya m'hotela kunja, tikiti ya ndege yaulere ndi malo ogona, bola atumize ndalama yolembetsera pasanathe masiku atatu. "Aphunzitsi, bambo avomera kugulitsa injini ya boti ku Senga Bay, inu mukuona bwanji?" Ndinamufunsa kuti akalowa m'dzikolo ndi visa ya mtundu wanji, ndipo anangoti kukamwa yasa. Funso limeneli ndilo mutu wa nkhani yonseyi, chifukwa kusankha pakati pa sukulu, ntchito, internship (kuphunzira ntchito uli pantchitopo) ndi kudzipereka (kugwira ntchito yothandiza popanda malipiro enieni) ndi kusankha chikalata chimene mudzalowere m'dziko la eni, ndipo chikalatacho n'chimene chidzalamule zimene mungachite ndi zimene simungachite mukafika.

Choyamba: lembani chimene mukufuna kubwera nacho

Tengani pepala mulembe chinthu chimodzi chokha chimene mukufuna kudzakhala nacho tsiku limene mudzatsike basi pa depoti ya Salima kapena pa boma la Nkhotakota pobwerera. Ngati ndi digiri, njira yanu ndi sukulu. Ngati ndi mpamba wa bizinesi kapena malata a nyumba ya amayi, mukukamba za ntchito. Ngati ndi luso la manja logwirizana ndi zimene mukuphunzira, monga ulimi wothirira umene mungadzagwiritse ntchito ku Lifuwu, ku Bua kapena m'minda ya nzimbe ku Dwangwa, ndiye kuti mukufuna internship. Amene walemba kuti "ndikungofuna kuchoka" asapitirire kaye, pakuti munthu wotero ndi amene amavomera chilichonse chimene wauzidwa.

Chachiwiri: onani pamene mwafika ndi sukulu

Ine maganizo anga pano ndi olimba: wophunzira amene watsala ndi chaka chimodzi kapena ziwiri amalize kaye. Mwayi wambiri wabwino wa kunja umafuna pepala lomaliza, ndipo amene wasiyira panjira amabwerera alibe digiri, pamene ngongole ya bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira la HESLGB ikumudikirabe. Ngati mwayi wake ndi wa miyezi yowerengeka ndipo sungadikire, pitani kwa registrar mukapemphe kusungitsa malo mwa kalata, ndipo yankho lake mulilandire lolembedwa, osati la pakamwa.

Chachitatu: yezani njira zinayi, iliyonse payokha

Sukulu ndiyo njira yotenga nthawi yaitali kukonzekera, koma ndi imene malamulo ake amaonekera poyera. Kwa ambiri a ife kulipira tokha n'kosatheka, choncho nkhani yagona pa thandizo la maphunziro. Boma la Britain lili ndi Chevening, imene imalipirira digiri yachiwiri ya chaka chimodzi, imafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndiponso imalamula kuti abwerere kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri akamaliza. Palinso Commonwealth, DAAD ya ku Germany, MEXT ya ku Japan, thandizo la maboma a China ndi India, komanso Mastercard Foundation imene imalipirira achinyamata a mu Africa m'mayunivesite osiyanasiyana, ena a iwo mu Africa momwe muno. Zonsezi zimakhala ndi nyengo yake yolembetsera kamodzi pachaka, kotero kuti amene akufuna kunyamuka chaka chamawa ayenera kuyamba chaka chino. Musadalire kuti mudzadzilipirira fizi ndi maganyu a kumeneko. Ku Britain wophunzira wa digiri amaloledwa kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata sukulu ili mkati, ndipo ndalama ya maola amenewo imathera ku lendi ndi chakudya. Musanavomere malo pa sukulu iliyonse, funsani ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba m'dziko muno, ngati pepala lake lidzavomerezedwe kuno kwathu.

Ntchito ndiyo imakopa kwambiri, ndipo si zachilendo kwa ife, popeza agogo athu anapita ku Wenela ndi ku Theba, ena anabwera ndi njinga ndi wailesi, ena anasanduka matchona. Chimene ambiri sazindikira n'chakuti kuloledwa kulowa m'dziko si kuloledwa kugwiramo ntchito. Mmalawi amalowa ku South Africa popanda visa ngati mlendo wa masiku 30, koma masikuwo akatha, kapena akapezeka akugwira ntchito ndi chidindo cha mlendo, mapeto ake amakhala ku Lindela kudikira kubwezedwa. Kumayiko a Aluya monga Oman, kumene chilolezo cha wantchito chimamangiriridwa kwa bwana wake, atsikana athu ambiri amene analonjezedwa ntchito zabwino anakapezeka m'nyumba za anthu atalandidwa mapasipoti, mpaka boma linachita kulowererapo kuti ena abwerere. Nawo achinyamata amene anayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel kumapeto kwa 2023 anapeza kuti visa yawo ndi ya kumunda kokha, ndipo ena amene anachoka m'mindamo kukafuna ntchito zina m'tauni anabwezedwa kumudzi. Walira mvula walira matope: amene wasankha ntchito adziwe kuti wasankhanso malire a kontirakiti yake.

Internship ndiyo ndimaiona yoyenera kwambiri kwa munthu amene akadali pasukulu, malinga ngati ikudzera kusukulu kwake. Ophunzira za ulimi a ku LUANAR akhala akupita ku Israel kwa miyezi pafupifupi 11 kukaphunzira ali pantchito m'minda, ndipo ubwino wa dongosolo lotere ndi woti pali ofesi kuno kumudzi imene ikudziwa kumene muli komanso tsiku limene mukuyenera kubwerera. Funsani zinthu zitatu: ngati nthawiyo idzawerengedwe pa maphunziro anu, ngati pali malipiro ndi zimene azidula pa malipirowo, ndiponso ngati pali munthu amene adzakuphunzitseni. Internship yopanda wokuphunzitsani ndi ganyu chabe ya malipiro otsika.

Kudzipereka sikubweretsa chuma, ndipo amene abale akumuyembekezera kuti azitumiza ndalama asatenge njira imeneyi. Mapologalamu odalirika monga UN Volunteers, kapena weltwärts ya ku Germany imene imalandiranso achinyamata ochokera kumayiko ngati athu kudzera m'mabungwe ogwirizana nawo, amapereka ndalama yongokwanira kukhalira. Phindu lake ndi chinenero, anthu odziwana nawo ndi kalata yokuchitirani umboni. Mungathe kuyamba konkuno, kuthandiza pachipatala chaching'ono, pasukulu kapena m'magulu osamalira nyanja ndi nkhalango, chifukwa osankha anthu a kunja amafunsa zimene munachitapo kwanu.

Chachinayi: werengerani ndalama zonse, m'ndalama ya kumene mukupita

Lembani pasipoti, visa, mayeso a Chingerezi monga IELTS amene zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, kuyezedwa kuchipatala, inshuwalansi, tikiti, zovala za kozizira ndi ndalama ya mwezi woyamba malipiro asanayambe. Onjezanipo maulendo a ku Lilongwe, pakuti kuchokera ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, kuchokera ku Nkhotakota kapena Dwangwa n'kutali koposa, ndipo simudzapita kamodzi kokha. Werengerani m'madola, mapaundi kapena mayuro, chifukwa kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mabanja amene ankalipirira ana kunja anadzuka m'mawa fizi itakwera m'makwacha popanda sukulu kuwonjezera kanthu. Ku Germany, ngakhale mayunivesite ambiri a boma salipiritsa fizi, wophunzira amayenera kuonetsa mayuro oposa 11,000 osungidwa ku banki a chaka chimodzi asanapatsidwe visa, pokhapokha ngati ali ndi thandizo lomulipirira.

Kenako dzifunseni funso lowawa: ulendowu ukalephereka pa visa, banja lidzatsala ndi chiyani? Ngati yankho ndi loti lidzatsala lopanda boti, lopanda munda wa mpunga kapena ndi katapira pakhosi, ulendowo sunakhwime.

Chachisanu: fufuzani amene akukuitanani

Apa ndi pamene pamagwera anthu ambiri, ndipo safunsa anadya phula. Thandizo la maphunziro lenileni silifuna kuti mutumize ndalama pa nambala ya foni ya munthu kuti dzina lanu lilowe. Tsegulani tsamba la pa intaneti la sukulu kapena bungwelo polemba nokha dzina lake, osati podina chimene mwatumiziridwa, ndipo lembani kalata ku adiresi imene mwaipeza pamenepo kufunsa ngati akumudziwa ejenti amene akulankhula nanu. Ngati ndi ntchito, pitani ku ofesi ya zantchito ya paboma kapena ku unduna wake ku Lilongwe mukafunse ngati kampaniyo ili ndi chilolezo chotumiza anthu kunja. Pemphani kontirakiti mukadali kuno, yolembedwa m'chinenero chimene mukumva, yotchula dzina la bwana, malo, maola, malipiro, zodulidwa ndi amene adzalipire tikiti yobwerera. Ejenti amene akukufulumizitsani, amene akuti mukalowe ngati mlendo ndipo mapepala akakonzedwa mukafika, kapena amene akukuuzani kuti musauze aliyense, musiyeni ndipo kanenezeni kupolisi, popeza dziko lathu lili ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015.

Chachisanu ndi chimodzi: konzani mapepala msanga

Onetsetsani kuti dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana pa chiphaso cha unzika, satifiketi ya MSCE, mapepala a ku koleji ndi pasipoti, chifukwa chilembo chimodzi chosiyana chimatha kuimitsa ulendo wonse. Pasipoti ikhale ndi miyezi yosachepera isanu ndi umodzi isanathe. Opita ku Britain kwa miyezi yoposa isanu ndi umodzi amayenera kuyezedwa TB kuchipatala chovomerezedwa, ndipo opita kukaphunzira ku South Africa nthawi zambiri amafunika kuti mapepala awo aunikidwe ndi SAQA, bungwe la kumeneko lounika mapepala a maphunziro. Malamulo a visa amasintha kawirikawiri, choncho werengani za ofesi ya kazembe wa dzikolo sabata imene mukulembetsa, osati zimene anakuuzani mnzanu amene anapita zaka zitatu zapitazo.

Chomaliza: khalani pansi ndi abale

Itanani makolo, amalume ndi aliyense amene wasonkha ndalama, muwauze poyera kuti mukupita kukachita chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati muzitha kutumiza kanthu kapena ayi. Wopita kusukulu kapena kukadzipereka anene mosabisa kuti sipadzabwera ndalama, kuti asadzasiye kalasi n'kumathamangira maganyu chifukwa cha mafoni a kumudzi. Musiyire munthu mmodzi wodalirika makope a pasipoti, visa ndi kontirakiti, adiresi ya kumene mukakhale, ndi nambala ya ofesi ya kazembe wa Malawi imene imayang'anira dzikolo. Mugwirizane tsiku la sabata limene muziimbirana, ndi zimene achite ngati masabata awiri adutsa muli zii.

Mnyamata uja tinakhala naye pansi pa khonde la sitolo n'kulemba kalata ku hotela imene inatchulidwa mu uthengawo. Anayankha patatha masiku anayi kuti sakulemba anthu ntchito ndipo ejentiyo sakumudziwa. Injini ikadali pa boti ku Senga Bay, ndipo iye wabwerera kukamaliza maphunziro ake, atayamba kale kusonkhanitsa mapepala a pasipoti.