Mmene ndinakonzera simulation ya madzi owira m'mapaipi a boiler

Ndimayesa pa kompyuta mmene madzi amawirira m'mapaipi a boiler yopanga nthunzi yofewetsera mafuta olimba pansi pa nthaka. Mu OpenFOAM, pulogalamu yaulere yoyesera kayendedwe ka madzi ndi mpweya pa kompyuta, madzi akangoyamba kuwira, kutentha kwa khoma la paipi kunkakwera mosadziwika bwino, simulation n'kuima. Kuchepetsa time step (kanthawi kamene simulation imadumpha pa sitepe iliyonse) sikunathandize, ndipo kuchulukitsa ma cell (tizigawo timene mkati mwa paipi mumagawidwa powerengera) kunangoonjezera vuto.

Nkhani inali pa mesh, kutanthauza kagawidwe ka ma cell amenewa. Model ya RPI, yomwe imawerengera kuwira kwa madzi pakhoma, imasokonezeka cell yoyamba pakhoma ikachepa kuposa thovu la nthunzi, choncho ndinaikulitsa mpaka y+ (muyeso wa kutalika kwa pakati pa cell yoyamba kuchokera pakhoma) inapitirira 30. Ambiri amaopa kutero poganiza kuti zotsatira ziipa, koma apa m'pamene zinakhazikika. Kenako ndinayendetsa kaye madzi osatenthetsa, n'kumakweza kutentha pang'onopang'ono, pogwiritsa ntchito matebulo a IAPWS-IF97 oonetsa makhalidwe a madzi ndi nthunzi.