Mmene mungamangire kakiyibodi ka CardKB pa Arduino kapena ESP32

Ngati pulojekiti yanu ifuna kuti munthu azilembapo mau, monga dzina la kasitomala, password ya WiFi kapena meseji yotumiza na SIM800L (kabodi kofakamo SIM khadi), kakiyipadi kaja ka 4x4 ka mabatani 16 kazakuvutitsani, cifukwa kamadya mapini 8 pa bodi, ndipo kuti mupeze cilembo C mufunika kutinika 2 katatu ngati mafoni akale aja. CardKB ya kampani ya M5Stack ili na mabatani 50 oyalidwa mwa QWERTY, ukulu wake ngati khadi ya ku ATM, ndipo imaseŵenza na mawaya anayi cabe.

Musanagwire waya uliwonse cotsani USB, bodi ikhale yozima. Pa kebo ya Grove, ya mawaya anayi aja, wakuda ni GND, wofiila ni 5V, wa yelo ni SDA, woyela ni SCL. Pa Arduino Uno yelo apite pa A4, woyela pa A5. Pa ESP32 yelo pa 21, woyela pa 22. Yelo na woyela ndiye amasokoneza anthu ambili, mukawasinthanitsa sikapsa ai koma kamangokhala zii osayankha, ndiye munthu ayamba kuganiza kuti anamugulitsa cakufa. Wofiila na wakuda okha yang'anani kaŵili musanayatse, apo mukalakwitsa mungakaoce.

Manje ku code. Kamakamba na bodi kupitila mu I2C, njila yotumizilana data pa mawaya aŵili aja a SDA na SCL, adilesi yake ni 0x5F. Fakani Wire.h pamwamba, Wire.begin mu setup, ndiye mu loop muzipempha byte imodzi imodzi na Wire.requestFrom. Ngati palibe amene watinika kamabweza 0, uzani code kuti 0 aziisiya, apo ayi sikilini izadzala na zinyalala. Enter imabwela ngati 13, batani yofufutila ngati 8, ndipo kufufuta kwenikweni mulembe mweka mu code, kakiyibodi kamangotumiza nambala basi.

Batani mukaitinika yokha mupeza cilembo cacing'ono. Shift ipatsa cacikulu, Sym ipatsa tuzizindikilo tuja tolembedwa pa batani. Apa mvetsetsani bwino, simufunika kugwililila Shift ngati pa laputopu, tinikani kamodzi, musiye, ndiye mutinike cilembo. Mukatinika kaŵili mwamsanga imakhoma, zonse zizatuluka zikulu mpaka muitinikenso, ndipo kalaiti kali pa bodi kamaonetsa kuti mwakhoma. Pa password ya WiFi yang'anani kalaiti aka coyamba.

Ine nimaona kuti cipangizo ca pa shopu kapena ku famu ni bwino kucifaka mu kabokosi, cifukwa kakiyibodi aka ni bodi ya poyela, fumbi ya mu September na manja onyowa sizigwilizana nako. Tumabatani ni tung'ono, tinikani na nsonga ya cala osati na sikuludilaiva. Waya nayenso asatalike, I2C simakonda mtunda, masentimita 20 kapena 30 akwana.