Kukwera Domwe nyengo ya masika, zoti mudziwe musananyamuke

Amene mwakhala mukulakalaka mapiri a ku Angónia kuno ku Mozambique nthawi yake ndi ya masika, kuyambira kumapeto kwa Epulo mpaka Juni chisanu chisanafike povuta. Mvula yakata, miyala yauma, komanso anthu sanayambe kutentha tchire ndiye kumwamba kumakhala mbee, ukaima pamwamba umaona mpaka mapiri a ku Dedza kwa anzathu a ku Malawi. Mukadikira Seputembala mukwera inde koma mukangoona utsi wokhawokha. Phiri la Domwe ndi lalitali mamita 2,095, m'chigawo chonse cha Tete mulibe lina loliposa, ndiye musalitenge ngati kachulu kakuseri kwa nyumba.

Inu ochokera mumzinda wa Tete musayese kupanga zonse tsiku limodzi. Kwerani chapa (minibasi) dzulo lake, mudutse Moatize, mukhotere pa Mussacama, mukagone pa Ulongwe. Ndipo tengani juzi chonde, kuno si kumtsinje wa Zambezi kumene mumagona khomo lili pululu, m'mawa wa Meyi kuno mano amachita kugundana.

Mukafika mudzi wa m'tsinde mwa phiri musangolowera kutchire ngati kwanu. Pitani kwa amfumu kaye, odi odi, mupereke moni bwinobwino, munene kumene mwachokera ndi chimene mwadzera, mupemphe mnyamata wodziwa njira. Ena amaona ngati ndi kutaya nthawi koma ine ndimati apa ndiye pagona ulendo wonse. Tinjira ta m'phiri ndi tambirimbiri, ta otola nkhuni, ta abusa a ng'ombe, tina timangothera m'munda wa munthu, ndipo foni siingakuuzeni kuti kamsitu kowirira ako ndi manda kapena ndi kudambwe kumene munthu wosavinidwa saloledwa kupondako. Mnyamatayo mugwirizane naye mtengo musanayambe, osati mukatsika mwatopa kenako muzikanganirana mametikali.

Zovala, buluku lalitali basi. Udzu nthawi imeneyi umafika m'chiuno ndipo m'mawa umakhala ndi mame moti mukayenda pang'ono mwanyowa kale, chisoso nacho chimakakamira m'masokosi, koma chimene muyenera kuopa kwenikweni ndi chitedze. Chimayanga m'tchire la m'mbali mwa timitsinje, nyemba zake zili ndi ubweya wofiirira wooneka ngati wofewa, mukangochikhudza kapena mnzanu wakutsogolo akagwedeza nthambi ubweyawo n'kukugwerani m'khosi, mudzavula malaya pagulu osaona manyazi. Kukanda kumangowonjezera. Choncho wotsogolera akati lambalalani apa, lambalalani, musafunse zambiri. Nsapato zikhale zoti munaziyendera kale, zamapazi okhakhala, zatsopano zimatulutsa matuza musanafike ndi pakati pomwe. Masilipasi ayi, ngakhale muone ana a konko akuthamanga nawo pamiyala, iwowo anabadwira momwemo.

M'chikwama madzi malita awiri munthu aliyense, musadalire akasupe chifukwa ena amakhala ayamba kale kuphwa. Kamba wake wosavuta, mbatata yophika, nthochi, mtedza wokazinga, kabotolo ka thobwa ngati mwapeza. Tochi, chipewa, kansalu komangira bala. Chimanga chimene mudutse m'minda chili ndi eni ake, musathyole.

Nyamukani kukungocha, 6 koloko ikupezeni muli m'njira. Poyamba pamakhala pabwino, minda ya mbatatesi ndi nyemba, anthu akukolola, mumapatsana moni, ndiye apa achinyamata amayamba kuthamanga kufuna kuonetsa mphamvu. Asiyeni, muwapeza atakhala pamwala akupuma wefuwefu. Yendani liwiro loti mukutha kucheza osabanika, wofooka pagulu akhale kutsogolo pafupi ndi wotsogolera osati kumbuyo, madzi muzimwa pang'onopang'ono ludzu lisanakugwireni. Pamiyala yoti mukwere ndi manja yang'anani kaye pogwirapo, dzuwa likamatuluka njoka zimakonda kuwothera pamenepo, ndipo mukamva njuchi zikulira m'phanga dutsani mwakachetechete.

Tsopano chimene anthu ambiri safuna kumva. Musananyamuke gwirizanani ola lobwerera, ine ndimati 1 koloko masana, mwafika pamwamba kapena simunafike, tembenukani. Miyezi imeneyi dzuwa limalowa msanga, 6 koloko isanakwane kwada kale, ndipo kukangoda kuzizira kumabwera nthawi yomweyo inu muli ndi malaya onyowa thukuta. Phiri limanamizanso, umaona nsonga uti ndafika, ukafikapo kutsogolo kwatulukanso ina. Pamwamba valani juzi musanayambe kujambula zithunzi chifukwa mphepo yake imalowa m'mafupa, idyani, pumulani theka la ola zakwana. Nkhungu ikakutsekerani musabalalike kufuna njira aliyense kwake, khalani pamodzi mudikire ipite. Netiweki imabwera n'kumapita, nthawi zina kufupi ndi malire foni imakoka ya ku Malawi, ndiye uzani munthu kumudzi nthawi yomwe akuyembekezereni.

Kutsika ndi kumene kumavulaza anthu. Miyendo yatopa, maondo akunjenjemera, udzu wouma pamalo otsetsereka umaterera kuposa matope. Dulani ndodo, pondani chammbali, mapazi afupiafupi, ndipo musatsike molunjika pansi pa mnzanu chifukwa mwala umene waugudubuza iye ukupezani inu. Njira yachidule imene mwaiona nokha isiyeni, tsikirani momwe munakwerera.

Mukafika m'mudzi mpatseni mnyamata zake, mudutsenso kwa amfumu kuwauza kuti mwatsika nonse. Madzulo posamba dzifufuzeni nkhupakupa m'miyendo, m'chiuno ndi m'khwapa, mukaipeza igwireni pafupi ndi khungu muizule pang'onopang'ono kuti mutu usatsalire.