Bulashi yokongola pa sikirini, zinyenyeswa pa makina odulira

Chiyambire nyengo ya maukwati ino ndalowa m'mashopu angapo osindikiza matisheti ndi masitika, ndipo m'mabini a zinyalala ndikupezamo zofanana: vinilo (pulasitiki wopyapyala amene amadulamo zilembo ndi zithunzi) wonyenyeka, zilembo zoduka pakati, maluwa a pa tisheti ya mkwatibwi atasanduka timizere topyapyala ngati ulusi. Gwero lake ndi limodzi. Achinyamata aphunzira kupanga mabulashi awoawo mu Adobe Illustrator, pulogalamu yojambulira pa kompyuta, ndipo ndikuwayamikira, koma akutumiza ntchito ku makina odulira bulashiyo ikadali bulashi.

Bulashi ya m'mapulogalamu amenewa ndi chovala chimene kompyuta imaveka kamzere kamodzi. Mukajambula tsamba n'kulisunga ngati Art Brush, pulogalamu imalikoka kuti litalike motsatira mzere wanu. Pattern Brush imabwereza chithunzi chomwecho m'mbali monse, Calligraphic imanenepetsa mzere pena n'kuuwondetsa pena. Koma pansi pa zonsezi pamakhalabe kamzere kaja. Dinani Ctrl+Y muone nokha: kukongola konse kuzimiririka, kutsala mafupa okhaokha. Kalumo ka makina sikadziwa za chovala. Pena kamangotsata fupalo, pena, malinga ndi pulogalamu yotumizira, kamadula chidutswa chilichonse pachokha, moti paliponse pamene mizere iwiri yapingasana vinilo amadukira pomwepo. Posenda zotsala, chilembo chimangoyoyoka m'manja.

Vinilo akadulidwa sabwezedwa. Mwataya vinilo, mwataya ola lonse losenda, magetsi athima musanadulenso, ndipo ngati munathamangira kudinda pa makina otentha musanayang'anitsitse, tisheti ya kasitomala mulipira ndinu.

Mlimi wina wa njuchi anandidandaulira mwezi wathawu. Anakwera minibasi m'mamawa kudzatenga masitika omata pa ndowa zake za uchi, akufuna kukagulitsa pa msika wa Loweruka. Mnyamata wa pashopu anamulembera dzina la bizinesi ndi bulashi yooneka ngati uchi ukudontha, bamboyo ataona pa foni anakondwa. Zimene anapeza pofika ndi zilembo zong'ambika zitamatidwa chimodzichimodzi ndi manja, zokhota. “Achimwene,” anatero, “ine uchi wanga ndimasefa kawiri, ndiye ndiumate chizindikiro chooneka chonchi?” Anabwerera ndi ndowa zopanda dzina, ndalama ya thiransipoti itapita.

Chimene chimanditopetsa ndi mankhwala akale amene anthu amathamangira. Wina ajambula sikirini, atumiza chithunzicho pa WhatsApp, kumene chimafika chitaphwanyika kale, kenako wa makina achilowetsa mu Image Trace, chida chosandutsa chithunzi kukhala mizere. Zotuluka zimakhala ndi timfundo tosawerengeka, kalumo kamanjenjemera njira yonse, m'mphepete mwa chilembo mumaoneka ngati modyedwa ndi mbewa. Munali ndi mzere woyera m'manja mwanu, mwauwononga nokha. Enanso amati “ndimatero kuyambira kale ndipo zimayenda.” Zinkayenda chifukwa munkasindikiza pa pepala, pamene pulinta imangotsanula inki pa chilichonse chooneka. Kudula ndi nkhani ina. Palinso aja amene amachepetsa logo ya pa chikwangwani kuti ikwane pathumba la malaya osachonga kabokosi kochepetsa bulashi pamodzi ndi logoyo kotchedwa Scale Strokes & Effects, bulashi n'kukhalabe yonenepa mpaka zilembo kutsekeka.

Zochita n'zochepa. Sungani kaye fayilo ina padera bulashi ikadali yamoyo, chifukwa mukaiumitsa, ndiye kuti kuisandutsa mizere yeniyeni yoti kalumo katsate, simudzaisinthanso ngati bulashi. Pa fayilo yotumiza, ngati muli mu Illustrator, sankhani zonse, pitani pa Object, dinani Expand Appearance, kenako Unite wa mu Pathfinder kuti zidutswa zopingasana zikhale chinthu chimodzi. Ogwiritsa ntchito Inkscape, yomwe ndi yaulere, dinani Stroke to Path kapena Object to Path, mutsirize ndi Union. A CorelDRAW, patulani Artistic Media ndi Ctrl+K, chotsani kamzere kotsalako, kenako Weld. Bristle Brush isiyireni ntchito zosindikiza ndi inki, siyoyenera kudula. Yang'ananinso ndi Ctrl+Y ngati muli mu Illustrator, ndipo yesani kaye pa kachidutswa ka vinilo kotsala dzulo musanalowetse mpukutu wonse.