Ukafuna kukhala catcher wachiwiri pa baseball

Mphwanga, catcher ndi uja amanyonyomala kumbuyo kwa womenya mpira n'kumawakha zomwe pitcher (woponya mpira) waponya. Wachiwiri amakhala pa benchi masiku ambiri, komatu timu singayende popanda iye. Ku America timu ya mu ligi yaikulu ya baseball, MLB, imasewera magemu 162 pa sizoni, ndipo mawondo a munthu mmodzi sangapirire zonsezo.

Yamba ndi miyendo. Pita pamchenga ku Senga Bay m'mamawa, asodzi akamakocheza ndi usipa, dzuwa lisanawawe. Yeza mamita 18, mnzako aziponya mpira wogunda pansi, iwe uziutchinga ndi chifuwa, mawondo pansi, chibwano chitatsamira pachifuwa. Usamauthawe. Dzanja lopanda gulovu uzilibisa kumbuyo, zala zimathyoka msanga.

Kenako uwadziwe bwino ma pitcher ako, pakuti ndiwe uziwawakhira akamakonzekera kulowa m'bwalo. Sunga kabuku: uyu akatopa mpira wake umakwera, uyu amafuna kumulankhula mofatsa. Kwa ine zimenezi zimaposa kumenya bwino mpira. David Ross wa ku America anakhala catcher wachiwiri zaka zambiri, anapambana World Series, mpikisano womaliza wa MLB, ndi Boston Red Sox mu 2013 komanso Chicago Cubs mu 2016, pambuyo pake n'kukhala mphunzitsi wamkulu wa Cubs.