Kuphunzitsa Kagalu Kudzithandiza Panja Popanda Kukamenya

Kagalu ka miyezi iwiri sikatha kusunga mkodzo kupitirira maola awiri kapena atatu. Ndiye kakakodza pabalaza si mwano, chikhodzodzo chake n'chaching'ono. Katulutseni kakangodzuka, pakapita mphindi 15 katadya, katatha kusewera, komanso musanagone. Kaperekezeni pamalo amodzimodzi nthawi zonse chifukwa fungo limakakumbutsa. Kakangomaliza, kayamikireni pomwepo ndi mawu okoma komanso kachidutswa ka nyama. Mukadikira mpaka mutalowa m'nyumba, sikadziwa kuti mphotoyo ndi ya chiyani.

Kukamenya kapena kukakanikiza mphuno pa mkodzo sikuthandiza, ndipo ndi nkhanza. Galu sangagwirizanitse chilango ndi zimene anachita ola lapitalo. Chimene amaphunzira n'kukuopani. Kenako amayamba kubisala kuseri kwa mpando podzithandiza, mwinanso kukana kukodza inu muli pafupi, ngakhale panja. Mukakaona kakununkhiza pansi uku kakuzungulirazungulira, kanyamuleni msanga mupite nako panja.

Pamene kaipitsa, tsukani ndi viniga wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana. Pewani mankhwala okhala ndi amoniya, fungo lake limafanana ndi la mkodzo ndipo kadzabwereranso pomwepo. Kakamakodza timadontho pafupipafupi, kapena mkodzo ukakhala ndi magazi, pitani nako kwa dokotala wa ziweto.