Musanasonkhe moto pabalaza ku England

Nyumba zambiri zakale zomwe a Malawi timachita lendi kapena kugula kuno zili ndi fireplace pabalaza, ina yotseguka, ina yotsekedwa ndi thabwa. Bilu ya gasi ikaluma mu Disembala, mtima umati bwanji ndingosonkha moto ngati kumudzi. Abale, dekhani kaye. Kumudzi utsi umadzipezera njira m'denga la udzu. Kuno mawindo ndi a magalasi awiri, zitseko zili ndi mphira, ndiye utsi ukalephera kukwera m'chumuni umatsala nanu m'nyumba momwemo.

Ngati nyumba ndi ya lendi, musakhudze kanthu popanda kalata ya landilodi. Kalata ndithu, osati "palibe vuto" wa pafoni. Kenako funsani kukhonsolo ngati msewu wanu uli mu smoke control area, dera lomwe utsi wa m'chumuni ndi woletsedwa. Mbali zambiri za London, Birmingham ndi Manchester zili momwemo. Malamulowa anayamba ndi Clean Air Act ya 1956, utsi wa malasha utapha anthu masauzande ku London mu Disembala 1952. M'dera lotere nkhuni siziloledwa pa fireplace yotseguka, ziume chotani. Zimaloledwa mu sitovu yomwe ili pa mndandanda wa Defra, unduna wa boma woona zachilengedwe, basi. Chumuni chikamafuka utsi, chindapusa chake ndi pakati pa £175 ndi £300.

Tsanya kuno kulibe, muiwaleni. Nkhuni zokhalitsa pamoto ndi za ash, oak ndi beech. Birch amayaka msanga, khungwa lake silivuta kukoleza, koma amatha ngati udzu. Paini amathetheka n'kuponya timakala pakapeti, choncho ngwoyatsira chabe. Willow ndi poplar musatayirepo ndalama. Komabe dzina la mtengo ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi madzi omwe ali m'kati mwake. Mtengo wongodulidwa kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, pomwe chikuni choyenera kuyatsa madzi ake asapitirire 20 peresenti. Kuyambira pa 1 Meyi 2021, lamulo la ku England limati nkhuni zogulitsidwa zosakwana ma cubic metre awiri zikhale ndi chizindikiro cha Ready to Burn, chotsimikiza kuti zauma kufika pamenepo.

Apa ndiye pomwe anthu a mavani amatidyera. Amalengeza pa intaneti, chithunzi cha nkhuni zokongola, mtengo wotsika, ndi liwu limodzi lokoma: seasoned, kutanthauza zoumitsidwa. Liwu limenelo lilibe muyeso uliwonse. Nkhuni zomwe zinagona pabwalo miyezi itatu mvula ikuzikhuthukira, iye azitchabe seasoned. Amafika kutada, nanga mu Disembala dzuwa silikhala litalowa kale 4 koloko? Injini osazimitsa, ndalama akufuna ya pamanja, risiti alibe. Pamwamba pa thumba pali zikuni zouma bwino, zong'aluka kumapeto. Mukafukula pansi mupeza zolemera ngati miyala, zonunkha utomoni. Thumbalonso amalitcha "tani imodzi" chifukwa ndi lija amanyamulira mchenga, koma nkhuni zoponyedwamo chisawawa sizifika tani, ndipo matumba ambiri otere sakwana n'komwe cubic metre imodzi. Mawa lake mukaimba, foni ingolira.

Mankhwala ake ndi kachipangizo kotchipa kotchedwa moisture meter, kokhala ndi timano tiwiri tachitsulo. Vani isananyamuke, tulutsani chikuni cha pansi pa thumba, chiwazeni pakati ndi nkhwangwa, bayani timanoto pomwe mwawazapo, malo atatu. Kubaya kunja n'kudzinamiza, kunja kumauma msanga. Pakaoneka 25 kapena 30, thumba libwerere m'vani. Akakwiya akwiye, ndalama ndi yanu. Ife timachita manyazi kwambiri ndi alendo, n'chifukwa chake amatikonda.

Chikuni chachiwisi chimadziulula chokha pamoto: chimalira tsiii, chimatuluka thovu kumapeto, galasi la sitovu limada. Moto umathera mphamvu kuphika madzi m'malo mokufunditsani, ndipo utsi wozizirawo umamata phula m'chumuni. Phula ameneyo ndi amene tsiku lina amagwira moto m'chumuni momwemo.

Ngati muli ndi malo, gulani zambiri mu Epulo muumitse nokha. Ziwazeni zisanenepe kupitirira masentimita 10, zisanjeni pa thandala kuti zisakhudze dothi, vindikirani pamwamba pokha, m'mbali mphepo izidutsa. Oak amafuna zaka ziwiri. Zotola mu skip, chibini chachikulu chotayamo zinyalala zomangira, ayi: matabwa opaka penti, MDF (matabwa a utuchi womatidwa ndi guluu), mitengo ya mpanda yobiriwira ndi mankhwala, mapaleti olembedwa MB, zonsezo utsi wake ndi poizoni. Nkhuni za m'paki nazo zili ndi mwini wake, ngakhale nthambi itagwa yokha.

Tsopano fireplace yeniyeniyo. Woyamba kuitana ndi wosesa chumuni, asese, ayese ndi utsi, akupatseni satifiketi. Chumuni chomwe chakhala zaka osagwira ntchito mumapezeka zisa za mbalame zotchedwa jackdaw, ndipo china chinatsekedwa pamwamba kalekale inu osadziwa. Muuzeninso aone ngati kuseri kuli back boiler, kathanki kachitsulo komwe kale kankatenthetsa madzi. Ngati mapaipi ake anadulidwa n'kutsekedwa, timadzi totsalamo tikawira kathankiko kamaphulika ngati bomba. Kachotsedwe musanayatse ngakhale nyuzi imodzi.

Ine ndimati ikani sitovu. Fireplace yotseguka imataya kutentha kochuluka m'chumuni, pomwe sitovu yamakono imasunga pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Zatsopano zonse kuyambira Januwale 2022 ziyenera kukhala za muyeso wa Ecodesign, wochepetsa utsi. Pabalaza wamba sitovu ya mphamvu ya 5kW ndi yokwanira; mukapitirira apo, nyumba yakale imafunika kuboola khoma kuti mpweya uzilowa. Pansi pakhale mwala kapena matailosi otuluka mamilimita 225 kutsogolo kwa sitovu ndi 150 mbali zonse, ndipo ngati ndi moto wotseguka, 300 kutsogolo. M'chumuni chakale mumalowetsedwa paipi yopindika yotchedwa liner: ya nambala 316 ndi ya nkhuni makamaka, ya 904 ndi ya amene azisakaniza ndi malasha opanda utsi.

Mmisiri akhale wolembetsedwa ku HETAS, bungwe lovomereza amisiri oika masitovu, ndipo nambala yake muitsimikize nokha pa intaneti. Chomata pa vani aliyense angathe kusindikiza. Wachinyengo amadziwika ndi mawu awiri: "liner siyofunika, chumuni chanu chili bwino" ndi "ndipatseni zonse lero ndikagule zipangizo". Satifiketi ya ntchitoyo simudzaiona. Zikatero khonsolo sidziwa kuti m'nyumba mwanu muli sitovu, a inshuwalansi angathe kukana kulipira moto ukabuka, ndipo tsiku logulitsa nyumba loya wa wogula adzafunsa pepala lomwelo. Mudzalipiranso a Building Control, oyendera zomangamanga kukhonsolo, kuti adzayendere ntchitoyo, mwinanso kuphwasula zonse n'kuyambiranso. Choncho ndalama yomaliza igwireni mpaka mutaona liner ikulowa ndi maso anu, kachikwangwani kofotokoza za chumuni katakhomedwa, ndiponso chikalata cha ntchitoyo chitalembedwa inu muli pomwepo. Akanena kuti simukumukhulupirira, muuzeni kuti eya.

Alamu ya carbon monoxide ndi lamulo pa sitovu yatsopano iliyonse, ndipo m'nyumba ya lendi ndi udindo wa landilodi kuiika. Ikhale m'chipinda chomwecho, pakati pa mita imodzi ndi atatu kuchokera pamoto. Mpweyawu sununkha, suoneka. Mutu umangowawa, chizungulire, nseru, tulo. Chumuni chiseseni kamodzi pachaka, kawiri ngati mumasonkha tsiku lililonse. Phulusa mu ndowa yachitsulo, panja, chifukwa timakala timabisala m'menemo mpaka mawa. Ndipo inu amene munabwera ndi mbaula m'sutikesi, kapena mumalowetsa ya braai m'khitchini mvula ikayamba, itulutseni lero.